Mwana wa eni kumsana kwanga

Nkhani iyi ndikaiyamba anthu amathamangira kuseka, ena amati ndathira mchere wambiri, koma ine ndikulumbira pamaso pa Mulungu amene anandilenga kuti sindikuwonjezerapo kanthu. Zinandichitikira ine ndemwe muno mu Doha, masanasana dzuwa likuwala, mutu wanga uli bwinobwino. Maina sinditchula chifukwa eni ake alipo, ndipo ena ndimakumana nawo mpaka lero.

Ndinabwera kuno kudzagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo ndinagwera pa banja lina la ku Nuaija, kuja kuli nyumba za mipanda italiitali zoti mnzako wa nyumba yoyandikana umangomumva mawu akuyanika zovala, nkhope yake osaidziwa. Ntchito yanga yeniyeni inali kulera mwana wamkazi wa madamu, amene ndinamupeza ali khanda lofiira. Mwanayo anali wolira, abale, kulira koti munthu wamkulu umafuna kukhala pansi n'kumuthandiza kulirako. Anamugulira timipando togwedera, tingolo, tizidole toimba, koma zonsezo anali kungozilirira. Tsiku lina nditatopa ndinangosolola chitenje changa m'chikwama n'kumubereka kumsana monga timachitira kwathu, ndipo ndisanamalize kusesa chipinda chimodzi anali atagona tulo tofa nato. Madamu atandiona anakalipa, akuti ndimupinda mwana miyendo, koma ataona kuti m'nyumba mwalowa bata sanaitchulenso nkhaniyo.

Kuyambira pamenepo ndinkangomutcha mwana wanga, ndipo muno ndimutcha choncho, chifukwa wanga weniweni ndinamusiya kwathu ndi mayi anga, ndipo msana umene ukanabereka iyeyo unkabereka uyu. Atayamba kuyenda tinali ndi kachizolowezi kathu. Ine ndinkanyonyomala, kumupatsa msana, kudzimenya paphewa n'kunena kuti kwera, iye ankabwera chothamanga n'kundikoleka manja m'khosi. Chichewa chonse chimene ankadziwa chinali mawu amenewo basi. Kucheuka sindinkacheuka, ndicheukirenji? Inu amayi anzanga, ndani mwa inu amayamba wayang'ana nkhope ya mwana asanamange chitenje?

Ndiye inafika Disembala, nyengo ija kuno kumazizira bwino ndipo eni dziko amakhala akukondwerera tsiku lalikulu la dziko lawo. Mbendera zimakhala mbwee, pamagalimoto, pamipanda, ngakhale pamitengo. Ku Msheireb, pakati pa nyumba zatsopano zonyezimira zija, kuli nyumba zingapo zakale zimene sanazigwetse, ndipo nyengo imeneyo anazikongoletsa n'kuzitsegula kuti mabanja aziziyendera, kutuluka m'nyumba iyi n'kulowa inayo, kuti ana aone mmene makolo awo ankakhalira mafuta asanawalemeretse. Madamu anati tipite. Mwanayo, amene panthawiyo anali atangoyamba kulankhula zomveka, tinamuveka monga amavekera atsikana aang'ono onse pa chikondwererocho: diresi yaitali, ndi kansalu kakuda kopyapyala kopetedwa ndi ulusi wagolide, kophimba mutu ndi mapewa n'kungosiya kankhope. Madamu anafunanso kuti amujambule hina m'manja, utoto wofiirira uja amalemba nawo maluwa pakhungu, koma mwanayo anakuwa, kudziponya pansi, mpaka anamuleka. Anachoka panyumba manja ake ali oyera.

Musaiwalenso kuti nafe olera ana timavala mofanana. Yunifolomu yake ndi imodzimodzi, buluku ndi malaya a mtundu umodzi, kampango kumutu, ngati tonse anatigulira m'sitolo imodzi. Mukatiyang'ana chakumbuyo, Mmalawi, Mkenya, wa ku Uganda, simungatisiyanitse, ndipo anzathu enawo nawonso amabereka ana kumsana ngati ife.

Kunena zoona nyumbazo zinali zokongola, ine ndemwe ndinachita nazo chidwi. Makoma ake ochindikala, zitseko zamatabwa zolemera zokhomedwa misomali ikuluikulu, makomo ena aafupi oti munthu wamtali aziwerama, ndipo pakati pa nyumba iliyonse pali bwalo lopanda denga. Anali atapachika nyali zakale ndi masamba a kanjedza, lubani akufuka paliponse. Pakona ina amayi okalamba atakhala pamphasa ankaphika buledi wopyapyala ngati pepala, kwina ankathira khofi m'timakapu tosanyowetsa n'kukhosi komwe, kwina kunali chipinda cha mkwatibwi chodzaza magalasi ndi nsalu zofiira, bedi lake lalitali loti pokwera mpaka pakhale popondera. Mtsikana wina woonetsa alendo ankatsogolera gulu lathu akufotokoza m'Chiarabu, madamu akugwedeza mutu, akuti agogo awo anakulira m'nyumba yotere. M'nyumba yomaliza, momwe munali chipinda cha mkwatibwicho, pabwalo panali chitsime chakale chotchingidwa ndi zitsulo pamwamba, ndi makwerero opapatiza opita padenga, opanda chogwirira. Ena ankajambula zithunzi, ine ndinangomukokera mwana kutali ndi zinthu ziwirizo.

Tili momwemo panalowa amuna oimba ng'oma, ena atanyamula malupanga akuvina pamzere, ndipo anthu anakhamukira pabwalopo mpaka kusowa poponda. Bambo wina anabwera ndi dengu la maswiti ndi mtedza, ana onse n'kumuunjirira, mwana wanga nayenso n'kulowa m'gulumo. Nthawi yomweyo madamu anakumana ndi azichemwali awo. Anandikokera pambali n'kundikuwira m'khutu chifukwa cha phokoso, akuti iwo akupita kukadya ku hotela ku West Bay, mwana watopa ndipite naye kunyumba, koma poti misewu yozungulira yatsekedwa, ndikwere metiro, sitima ya pansi pa nthaka, ndikakumane ndi adalaivala pa siteshoni ina kutsogolo. Akuti yalla, yalla, ndifulumire. Anamuyang'ana mwana wawo m'gulu muja, kumubayibitsa, n'kutuluka.

Ine ndinayandikira gulu la ana lija, timitu tonse takuda topetedwa golide, ndipo ndinaona ngati wanga ali chakumapeto. Ndinasolola chitenje, kunyonyomala, kupereka msana, kudzimenya paphewa n'kunena kuti kwera. Timanja tinandigwira m'khosi nthawi yomweyo. Kulemera kwake kunali komweko, kutentha kwake komweko, kamutu kanatsamira pomwe kamatsamira masiku onse. Ndinamanga chitenje, kudzigwedeza kuti akhazikike, n'kuyamba kudzipanikiza pakati pa anthu kulowera kukhomo. Pofika pamsewu mwanayo anali atagona.

Siteshoni ya Msheireb ndi yaikulu, umatsika n'kutsikabe ngati ukupita kumgodi. Ndinakwera mbali ya amayi ndi mabanja, ndipo poti ndinali ndi mwana kumsana sindinakhale, ndinaima chogwira chitsulo pafupi ndi chitseko. Chimene chinayamba kundivuta ndi fungo. Mwana wanga ndinkamudzoza ndekha mafuta m'tsitsi, fungo lake ndinkalidziwa ngakhale m'tulo, koma limene linkandifika pamphuno linali lina. Ndinadziuza kuti ndi lubani wa m'nyumba zija watikakamira. Kenaka sitima itagwedezeka, kadzanja kake kanatsetsereka kuchoka m'khosi n'kugwera pachifuwa panga. Ndinayang'ana. Kanali ndi maluwa a hina kuyambira kuzala mpaka pamkono.

Ndinayesa kudzinamiza kuti mwina wina wamujambula tili m'nyumba muja, koma hina wake anali wouma kale, woderako, wa dzulo kapena dzana. Ndinatembenuka pang'onopang'ono kuti ndidziyang'ane pagalasi la chitseko, poti kunja kunali mdima wa pansi pa nthaka ndipo galasilo linkaonetsa ngati kalilole. Pamwamba pa phewa langa panali nkhope ya mwana amene sindinamuonepo chibadwire, masaya aakulu, kukamwa kuli yasa, akugona mwamtendere ngati ali kumsana kwa amake.

Sindinakuwe, ndinangokakamira chitsulo chija ndi manja onse awiri. Sitima za kuno zilibe dalaivala woti ungamukuwire kuti aime utsike, zimangoyenda zokha, ndipo iyo inkandithamangitsa kunditalikitsa ndi mwana wanga, amene panthawiyo anali yekhayekha pakati pa ng'oma ndi malupanga, amake akudziwa kuti ali ndi ine. Kodi ndikanauza ndani? Mayi amene anaima pafupi nane ankamwetulira, akuloza mwanayo kuti wagona bwino.

Ndinatulutsa foni n'kuimbira adalaivala athu. Anali bambo wachikulire wa ku Mangochi amene anakhalitsa kuno, Chiarabu ankachilankhula ngati chakwawo, ndipo ine ndinkawatcha amalume. Ndinawafotokozera zonse. Iwo anati, iwe mwana wanga, chilichonse chimene ungachite usathamange, munthu wakuda wothamanga ndi mwana wa eni dziko alibe pakamwa pofotokozera. Anati nditsike pa siteshoni yotsatira, ndiwauze dzina la siteshoniyo, ndikwere yobwerera, iwo akubwera. Za madamu anati ndidikire kaye, mwina tikampeza mwana pomwe ndinamusiya nkhani isanakule. Ndinamvera, poti nzeru zanga zinali zitathawa.

Ndinatsikadi, koma yobwererayo sindinaikwere. Ndikuwoloka kupita mbali inayo mwana uja anadzuka, anasuzumira kuti aone nkhope yanga, ndipo anakuwa kukuwa koti siteshoni yonse inatembenuka. Ankandimenya m'mutu, kundikoka mpango, kuitana amake. Ndinayesa kumugwedeza, kumuimbira, osatheka. Anthu anandizungulira, ena atakweza mafoni m'mwamba. Ndiye kuti uthenga wa mwana wosowa unali utafika kale m'masiteshoni onse, chifukwa posakhalitsa apolisi anali pomwepo. Wapolisi wina wamkazi anamasula chitenje changa n'kumutenga mwanayo, wina anandigwira pamkono. Anandifunsa khadi langa la boma, ine ndinalibe, linali m'chikwama cha madamu monga mwa masiku onse. Foni ananditengera.

Anandilowetsa m'kachipinda kozizira kopanda windo n'kundikhazika pampando. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti kusowa chochita n'kutani. Ine za ndende sindinkaziganiza n'komwe, ngakhale ndinkadziwa kuti akunditenga ngati wakuba mwana. Ndinkangofuna kuti wina amve kuti kuli mwana winanso. Ndinayesa Chingerezi changa, ndinayesa Chiarabu changa cha kukhitchini, kuloza ndi manja, kukweza zala kuti ana ndi awiri, uyu si wanga, wanga watsala kunyumba zakale. Iwo ankangoti khalas, khalas, zatha, mwana wapezeka, ndikhale chete ndidzalankhula akabwera akuluakulu. Sindikuwanena, kwa iwo nkhani inali yoongoka: kunasowa mwana mmodzi, wapezeka mmodzi, ndipo wakuba akubwebweta monga amabwebwetera akuba onse. Amene ankasaka anali atawauza kuti aleke. Mu Doha monse munalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene ankamufunafuna mwana wanga.

Ndinkangoona chitsime chija. Ndinkadzifunsa kuti kodi zitsulo zija mipata yake inali yaikulu bwanji, kodi kamwendo kangalowe, nanga kathupi? Ndikachotsa maganizo pachitsime ankapita pa makwerero aja opanda chogwirira, ndikawachotsa pamenepo ankapita pakhomo lotulukira kumsewu. Ndinadzuka kuti ndigogode chitseko, anandikhazikanso pansi. Ndinagwada kuwapempha, anayang'ana kumbali. Ndinalira mpaka mamina, ine munthu wamkulu, ndikuitana mayi anga amene anali kutali kwathu osadziwa kanthu.

Patapita nthawi ndinamva kulira kwa mayi panja, ndinadziwa kuti eni mwana afika. Kenaka chitseko chinatseguka, analowetsa mtsikana wina wa ku Uganda, maso ali otupa, atavala yunifolomu yofanana ndi yanga, kampango komweko, msinkhu womwewo, chitenje chake chili m'manja. Ndiye anali wolera mwana uja. Anandiyang'ana ngati andilavulira, n'kundifunsa chapansipansi kuti ndamuchitiranji zimenezi, akuti iye anangowerama kutola nsapato ya mwanayo, podzuka mwana palibe. Ndinamuuza kuti mwanayo anakwera yekha, ndipo wanga watsala komweko, palibe akumufuna. Anagwira pakamwa, n'kukhala pansi pafupi nane. Pamalo ponsepo iye yekha ndiye anandimva, koma naye anali wopanda mawu ngati ine ndemwe.

Amene anandipulumutsa ndi amalume aja. Anasiya galimoto kumene anaisiya, anafunsa mpaka anapeza kachipindako, ndipo ndinawamva panja akulankhula Chiarabu modekha, mobwerezabwereza, osakweza mawu. Wapolisi wamkazi uja analowa nkhope itasintha, anandifunsa dzina la mwana ndi zimene wavala, ndipo pamene ndinati wavala ngati ana ena onse anatseka maso kwa kanthawi. Mawailesi awo anayamba kulira, anthu piringupiringu. Anawaimbira madamu. Atafika sanandimenye, sananditukwane, mwina zikanakhala bwino akanatero. Anangondigwira malaya pachifuwa ndi manja onse, akundifunsa kuti ali kuti, ali kuti, mawu ake omwewo, ine ndikungogwedeza mutu. Anathamangira ku Msheireb, ine anandisiya momwemo.

Zimene zinachitika kumeneko ndinachita kumva kwa amalume. Akuti anaimitsa ng'oma, anatulutsa anthu onse m'nyumba zija, anaunika m'chitsime, anakwera padenga, analowa chipinda chilichonse akuitana dzina lake, amake akuitana mpaka mawu kusasa, koma kunali zii. Dzuwa linali litapendeka, ena atayamba kale kunena kuti mwina watengedwa ndi munthu. Anadzamupeza ndi mayi wina wosesa, amene analowetsa tsache pansi pa bedi lalitali la mkwatibwi lija, kuseri kwa nsalu zofiira, n'kumva lagunda chinthu chofewa. Mwanayo anali atadzipinda kukhoma, atadzikodzera, maso ali tong'o. Ankawamva onse akumuitana, koma sanayankhe.

Atandiuza kuti wapezeka wamoyo ndinagwa pampando. Ndinkaganiza kuti zoopsa zathera pamenepo.

Kuti atsimikize ngati ndinaba kapena ayi, anatiitana tonse, mabanja onse awiri, kuti tione zimene makamera a m'nyumba ija anajambula. Ndinadziona ndekha ndikunyonyomala, ndikudzimenya paphewa. Ndinaona mwana wa eni uja akutembenuka, kuona msana wa yunifolomu yodziwika, n'kukwera yekha popanda womukoka. Wapolisi wamkulu analoza pamenepo n'kunena kuti palibe mlandu, ndi ngozi chabe, ndipo aliyense anapuma. Koma ine maso anga sanali pamenepo. Chakumbali kwa chithunzicho kunali mwana wanga. Anali atamva ndikuitana, ndipo ankabwera chothamanga, maswiti ali m'manja monse muwiri, dzanja limodzi atalitambasula kuti andipatseko. Anaima. Anandiyang'ana ndikumanga mwana wina ndi chitenje chimene ndinkamuberekera iye, ndikudzigwedeza kuti akhazikike, ndikunyamuka osacheuka. Ananditsatira pang'ono, miyendo ya anthu akuluakulu n'kumutchinga. Sanalire. Anangotsitsa kadzanja kaja, kutembenuka, n'kulowa m'chipinda cha mkwatibwi.

Mtsikana wa ku Uganda uja ndinamva kuti abwana ake anamubweza kwawo, ndipo mpaka lero zimandiwawa, chifukwa analakwa chiyani? Ine madamu sanandichotse, anati ndimalize kontirakiti, ndipo chitenje sanandiletse. Anandiletsa ndi mwanayo. Ankalola kuti ndimudyetse, ndimusambitse, ndimupese, koma ndikanyonyomala n'kudzimenya paphewa kuti kwera, ankabwerera m'mbuyo mpaka kukatsamira khoma, manja atabisa kumbuyo, akundiyang'ana osaphethira. Ndinayesa ndi maswiti, ndinayesa ndi nyimbo, ndinayesa kumupepesa m'zilankhulo zonse zimene ndimadziwa. Mpaka tsiku limene ndinanyamula chikwama changa kuchoka m'nyumba imeneyo, sanakwerenso kumsana kwanga.

Mayi anga nditawafotokozera anati alipo anandichita chipongwe kuti ntchito indithere, ena amati nyumba zakale zimakhala ndi zinthu zake zimene zimaphimba anthu m'maso. Ine zimenezo sindizikhulupirira. Palibe anandilodza, chinandipweteka ndi chizolowezi, chomwe chija tonse tinakulira ndipo timachinyadira. Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti mwana amene timati sadziwa kanthu amaona zonse ndipo amasunga, ndipo kuti tsiku lija Mulungu anandibwezera mwanayo wamoyo, koma mtima wake unatsala pabwalo paja.

Ndiye inu amayi anzanga, makamaka inu amene mukulera ana a eni m'maiko a eni, kumene mukalira palibe womva chilankhulo chanu, ndikukupemphani. Pachikondwerero, kutchalitchi, pamsika, paliponse pamene ana achuluka, musadalire msana ngakhale mutamubereka mwanayo kuyambira ali khanda. Musanamange chitenje cheukani, muone nkhope ya amene wakwera, ndipo muonenso ngati palibe wina amene waima pambali akukuyang'anani.